Makina Ofuna Zala

"Talotani mtengo wake," anatero a Orest Dubik uku akutula katoni patebulo la kukhitchini.

Akazi awo, mayi Darlene, anali atakhala nawo bambowa nthawi yaitali moti ankadziwa kuti funsoli silifuna yankho, limangofuna makutu. Amene anayankha ndi mchimwene wawo wa mayiwo, a Wally, omwe Lachiwiri lililonse ankabwera ati kudzaona odwala, koma ulendo wake unkathera m'mbale ya mapirogi, tizitumbuwa towiritsa tokhala ndi mbatata m'kati.

"Alamu, ngati mwatola m'bini nenani, tisavutike kulota."

"Madola makumi anayi. Kusitolo n'kasanu kuposa apo."

Kuno kumzinda wozizira wa Winnipeg munthu ukamuyamikira jekete, sathokoza. Amakuuza mtengo womwe anagulira, kenaka mtengo womwe opusa amagulira. Pa mwambo umenewu a Orest anali mkulu wa mpingo. Chiyambire anali asanagulepo kanthu pa mtengo wolembedwa, ndipo ngakhale mphete ya ukwati anaigula kusitolo yomwe inkatsekedwa. Anzawo omwe ankakumana nawo kumalo omwera khofi ankawalemekeza chifukwa cha zimenezi, monga mmene ena amalemekezera munthu wodziwa kuimba.

Koma nkhani ya katoniyo sinali yoseketsa. Mayi Darlene anasoka magolovesi a chikopa kufakitale mpaka kupuma pantchito, ndipo nyamakazi inawalipira powapinda zala. Mapiritsi ankawapweteketsa m'mimba. Chomwe chinkawapatsa mpumulo ndi chamba, chimene adokotala anavomereza ndipo ankagula poyera kusitolo ngati shuga. Vuto linabwera pamene eni nyumba zosanjikizana zomwe ankakhalamo analetsa utsi wamtundu uliwonse, m'chipinda ngakhale pakhonde. Wofuna kusuta ankayenera kutsika mpaka kuseri kwa malo oimikapo magalimoto, pafupi ndi mabini. Mu Januwale, chisanu chikaundanitsa madzi, malo amenewo amakhala galasi lokhalokha. Mayiwo anali atagwapo kale kamodzi n'kutupa chiuno, ndipo adokotala ananena mosabisa kuti kugwa kwachiwiri kudzathera pa njinga ya olumala. Eni nyumba atafunsidwa za makina otenthetsa chamba osachiotcha, otulutsa nthunzi chabe, anati amenewo alibe nawo mlandu.

Ndiye a Orest anasakasaka pa intaneti mpaka anapeza mnyamata wa ku yunivesite yemwe ankagulitsa makina otero poti ankasamuka. Anakwera mabasi awiri, ananenerera mpaka mwini wake anatopa, n'kubwera ndi katoni ija.

Munali kabokosi kathabwa kokongola, kapaipi kaatali, ndi tizigalasi tingapo tolowetsana. Kuti chamba chilowe, munthu ankayenera kumasula kachivindikiro kakang'ono ngati batani la malaya, kuika kasefa, kenaka kugwirizira galasi pachotenthetsera nthawi yonse yomwe akukoka mpweya.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero a Wally akutafuna.

"M'kati mulibe nyerere, alamu. Ndatsuka ndekha."

A Orest anamasula, anaika, anamanga, anagwirizira, n'kupereka paipi kwa akazi awo ngati akupereka maluwa. Mayi Darlene anakoka pang'ono, anatsamira mpando, ndipo patapita nthawi mapewa awo anatsika. Anathokoza ndi mtima wonse. Bambowo anasangalala kwambiri moti anawonjezera a Wally mapirogi osapemphedwa, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo.

Sabata imeneyo anzawo a kukhofi anaimva nkhani ya madola makumi anayi mpaka ena anayamba kusamukira patebulo lina.

Tsiku lina masana a Orest anabwerako msanga chifukwa khofi anali atakwera mtengo ndipo iwo anatuluka mokwiya. Akudutsa pamalo a magalimoto, anaona munthu ataima kumabini, atafulatira mphepo. Anaizindikira jekete yofiira ya akazi awo, poti anaigula okha pa theka la mtengo. Mayi Darlene anali atapana laita ndi zikhatho zonse ziwiri, akuyesa kuyatsa ndi chala chachikulu chomwe sichinkamvera. Nsapato zawo zinali pamadzi oundana enieni, ndodo ataitsamiritsa pabini.

A Orest anagwidwa ndi mantha, kenaka manthawo anasanduka mkwiyo, monga zimakhalira ndi amuna ambiri. Anawagwira pamkono, n'kuyenda nawo pang'onopang'ono mpaka m'chikepe, akulankhula za makina abwinobwino omwe angokhala m'nyumba pamene mwini wake akufunafuna imfa kumabini.

Atalowa m'nyumba, a Orest anapita kukaloza makinawo kuti mlandu umveke bwino. Apo ndi pomwe anaona kachivindikiro kaja. Kanali ndi zipsera kuzungulira konse. Anakayandikiza kumaso, n'kuona kuti ndi mano.

"Darlene, mwakhala mukuluma makina?"

"Mano ndi oikirira awa, sagwira," anayankha mayiwo akuvula mpango. "Makina anu ndi abwino, bambo. Kungoti amafuna zala."

"Bwanji osanena?"

"Ndinene bwanji, munthu mukuyenda mzinda wonse kulalikira madola makumi anayi? Ndinati ndikudikireni uthenga uthe kaye."

A Orest anachita manyazi, ndipo pofuna kuwabisa anapereka nzeru. Anati palibe vuto, azikawakonzera okha nthawi iliyonse, m'mawa ndi madzulo, asanapite kukhofi ndi pobwera. Mayi Darlene anakana. Anati ululu sufunsa ngati bambo abwerako kukhofi. Anawakumbutsa kuti amawatsegulira kale mabotolo, amawamangira mabatani, amawadulira nyama m'mbale. Ichi chokha ankafuna chikhale chawo.

"Manja awa anaveka theka la mzinda uno. Sindikhala pampando n'kumadikira ngati mwana wodikira phala. Bola kumabini."

A Orest ankawadziwa akazi awo. Akati kumabini, ndiye kuti mawa lomwelo ali kumabini.

M'mawa mwake anaimbira a Wally kuti abwere ndi galimoto, poti mafuta a alamu salipiridwa. Asanatuluke anatsegula kabati n'kutenga chitini cha khofi momwe ankasungamo ndalama zogulira chobowolera madzi oundana chamagetsi. Zaka zonsezi popita kukawedza kumtsinje woundana ankabowola poponyera mbedza ndi chamanja, akupukusa mpaka phewa kulira, kudikira tsiku lomwe chamagetsi chidzatsike mtengo. Anatenganso magolovesi awo akale a chikopa, okuta zala zonse pamodzi ngati thumba, onenepa ngati mikate, omwe mayi Darlene anasoka okha kalekale.

Kusitolo ya chamba anawalandira mayi wina wa tsitsi lobiriwira, dzina lake Renée. Anawasonyeza makina a patebulo omwe anali pashelefu: a paipi, a chibaluni, ndi ena ochita zonse ziwiri. Anayamba kufotokoza za kutentha kwake ndi kukoma kwa nthunzi, koma a Orest anamudula mwaulemu, n'kupempha kuti awatsitsire onse pakauntala. Kenaka anavala magolovesi aja.

"Muno mukutentha, bambo," anatero Renée.

"Musiyeni, mayi," anatero a Wally. "Akuopa kuti ndalama zingawapulumuke m'manja."

A Orest sanawamvere. Anayamba ndi otsika mtengo kwambiri, poti chizolowezi sichifa tsiku limodzi. Anayesa kutola kasefa ndi magolovesi, kasefa kanathawira pansi pa kauntala. Achiwiri anali ndi galasi lomwe linawaterereka, ndipo Renée analiwakha lili m'malere. Achitatu anali ndi timabatani tating'ono, moti akadina kamodzi ankadina tonse, makina n'kuyamba kulira ngati wotchi. Anthu ena omwe anali m'sitolomo anasiya zogula n'kumaonerera nkhalamba yomwe inkalimbana ndi makina itavala mikate m'manja. A Wally ankaulutsa ngati mpira wa pa wailesi.

Pamakina achinayi, Renée anafunsa chapansipansi kuti ndi a ndani. A Orest anati ndi a akazi awo, ndipo manja awo ali ngati mmene akuonekera awawa, mwina kuposa. Kuyambira pamenepo mayiyo anasiya kumwetulira, n'kuyamba kuchotsa yekha pakauntala onse a tizigalasi.

Anatsala amodzi, oipa maonekedwe ngati ndowa yovundikira. Anali ndi chopotokola chimodzi chachikulu, batani limodzi lotambalala, ndi choikamo chamba chomwe chinkangokhazikidwa pamwamba n'kulira kuti khwa. Nthunzi inkadzaza m'chibaluni cha pulasitiki chomwe munthu akhoza kuchikumbatira ndi mkono. A Orest anachita zonse ndi magolovesi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anabwerezanso ndi dzanja limodzi. Kenaka anatembenuza kapepala ka mtengo.

Sanali odula kuposa onse, koma anali ofanana ndendende ndi zomwe zinali m'chitini.

Anafunsa ngati pali mtengo wa okalamba. Panalibe. Anafunsa ngati angagule omwe ali pashelefuwo, poti agwiridwagwiridwa ndi anthu. Renée anawakumbutsa kuti amene wawagwiragwira ndi iwo omwe. Anafunsa za katoni yophwanyika, za mtundu wa chaka chatha, za kuchotsera munthu wobwera ndi mlamu wake. Pomaliza mayiyo anawauza zoona, kuti makina amenewa amatsika mtengo kumapeto kwa Epulo, ndipo akadikira adzapulumutsa ndalama yooneka.

"Ndiye basi, alamu, tiyeni," anatero a Wally akutenga makiyi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Si inu mumatero?"

A Orest anayang'ana panja. Chipale chofewa chinali chitayambanso kugwa, ndipo pofika Epulo madzi oundana a kumabini adzakhala atasungunuka okha, atamaliza ntchito yawo. Anavula golovesi limodzi ndi mano, n'kutsegula chitini.

"Kulungani."

"Pa mtengo wolembedwa?" anafunsa a Wally, mawu atatsika ngati ali pamaliro. "Alamu, khalani pansi kaye. Mayi, muli ndi madzi akumwa?"

M'galimoto a Orest anali atakumbatira katoni, nkhope ili ngati ya munthu wochokera kozula dzino. A Wally ankaimba mluzu njira yonse, ndipo zinali zoonekeratu kuti nkhaniyi ifika kukhofi dzuwa lisanalowe.

Kunyumba mayi Darlene analamula kuti wina aliyense asakhudze. A Orest anakhalira manja awo enieniwo pampando kuti asawapereke. Mayiwo anapotokola ndi chikhatho, anakhazika choikamo chija mpaka chinalira, anadina batani ndi nkhonya. Makina anayamba kubangula ngati choumitsira tsitsi, chibaluni n'kumakula, n'kumakula, mpaka chinagwetsa botolo la mchere. Anachichotsa okha, anachikumbatira, anakoka mpweya. Zinatenga nthawi, ndipo kawiri konse a Orest anatsala pang'ono kudzuka, koma palibe chinafuna zala.

Mayiwo atapuma, anaona chitini chopanda kanthu chili pafupi ndi magolovesi. Anangotembenukira kwa mchimwene wawo n'kumuuza kuti mapirogi a Lachiwiri amakoma kwa anthu odziwa kutseka pakamwa.

Loweruka anthu a m'nyumbazo anasonkhana m'chipinda chochezera chapansi, monga mwa nthawi zonse, ndipo a Wally ndi anzawo awiri a kukhofi analipo. Phokoso la makina linali litamveka kale kwa oyandikana nawo, choncho funso silinachedwe. Bambo wina wa m'chipinda choyang'anizana nawo anafunsa kuti chindowa chobangulacho anagula zingati. Onse anatchera khutu, poti yankho la a Orest linkakhala phunziro.

A Orest anatsegula pakamwa. Anali woumira, koma sanali wabodza, ndipo anaona ulemu wa moyo wawo wonse ukutsetsereka.

"Theka la mtengo," anatero mayi Darlene akuthira mkaka mu tiyi. "Mukuwadziwa bambo awa. Wogulitsayo anatsala pang'ono kulira."

Anthu anagwedeza mitu mokhutira. Maso anapita kwa a Wally ngati mboni, ndipo iwo anameza chomwe chinali m'kamwa, n'kunena kuti analipo, ndipo zomwe anaona tsiku limenelo sadzaziiwala.

Mawa lake a Orest analawirira kumtsinje ndi chobowolera chawo chamanja chija. Akumanga zingwe za nsapato pakhomo, anaona nsapato za chisanu za akazi awo zili pamphasa yake, zouma poti sizinapitenso kumabini, mchere womwe amawaza mumsewu posungunula madzi oundana utayererapo. Anazisuntha n'kuziika m'kabati, kuseri kwenikweni, n'kunyamula chobowolera paphewa lomwe linkapweteka kale.