Waya Wachitatu

Vainess anaima pakhonde la namwino watsopano atanyamula botolo la munkoyo, ndipo asanati odi anamva kuseka kwa mwamuna wake. Kuseka kotero kwawo anali asanakumve chiyambire chilimwe.

Aaron anali mmisiri wa magetsi wodziwika pa boma la Chama. Lero linali tsiku lachitatu akugwira ntchito m'nyumba yakale imene Virginia, namwino wochokera ku Chipata, ankakhalamo yekha. Masiku atatu chifukwa cha nyale zinayi! Vainess anali ataziwerenga kudzera pazenera dzulo lake.

"Odi!"

"Lowani, amake Chance," anayankha Virginia.

Aaron anali pamwamba pa makwerero, thukuta likuyenderera m'khosi. Virginia anali atagwira makwererowo ndi manja awiri, zikhadabo zopaka zofiira, nkhope atalozetsa kumwamba. Vainess anaona manjawo kaye, kenako china chilichonse. Chikomekome cha mkuyu, anatero mumtima, mkati muli nyerere.

"Ndabweretsa chakumwa. Ndimati kapena ntchito yakula."

"Yatha manje manje," anatero Aaron. "Taona kuno. Nyale zachitsulo izi akale anaziika ndi mawaya awiri okha. Waya wamoto ukasupuka n'kukhudza chitsulo, nyale yonse imasanduka msampha. Ndiye ndakoka wachitatu uyu, wobiriwira ndi wachikasu, kuchokera ku bokosi la magetsi. Ndaumanga pa chitsulo penipeni, nditapala penti. Moto ukasochera uzithawira m'nthaka, osati mwa munthu."

"Akanapanda amuna anu, ine ndikanafa," anatero Virginia. "Inandigwira kamodzi, mkono wonse dzanzi."

"Kamodzi," Vainess anabwereza mawuwo pang'onopang'ono. "Ndipo munthu akagwidwa kawiri?"

Aaron anasiya kumanga. Vainess anatukula chala chake cha mkombaphala. Kunsonga kwake kunali kachilonda koyera, kouma.

"Nyale ya m'khitchini mwathu. Sabata yatha Lachiwiri, ndi Loweruka."

Aaron anatsika makwerero osayang'ana popondapo, nagwira dzanja la mkazi wake, kulitembenuza uku ndi uku.

"Bwanji sunanene?"

"Ndinene? Za kuno munazimva kumsika, n'kuthamanga. Za m'nyumba mwanu mukufuna kalata? Zoona woumba mbiya amadyera m'phale."

Virginia anapepesa, nati akayang'ane madzi amene anateleka, ngakhale pambaula panalibe moto.

Njira yonse yobwerera Aaron anali patsogolo, makwerero ali paphewa. Vainess ankatsatira m'mbuyo, mtima ukumuuza kuti wapambana. Koma atafika pafupi ndi mpanda wawo, kupambanako kunayamba kuwawa. Anakumbukira kuti masiku onsewo mwana wawo wamkazi Chance ankakwera pa tebulo la m'khitchini kutenga shuga, mutu wake utatsala pang'ono kugunda nyale ija. Vainess ankadziwa za ngoziyo, koma anasunga chilondacho ngati mpeni wodikira tsiku lake.

Aaron anazimitsa magetsi a nyumba yonse, nayesa ndi mita yake kuti atsimikize. Atamasula nyaleyo anapeza waya wothetheka utatsamira chitsulo. Anauonetsa kwa Vainess.

"Mwana wosalira amafera kumsana, amake Chance," anatero. "Koma cholakwa n'changa. Nyumba ino ndinaidziwa kalekale kuti ilibe waya wachitatu. Ndinkangoti mawa."

Anadula waya wowonongekawo, naika wina, kenako anakoka wobiriwira ndi wachikasu kudutsa m'denga, nyale ndi nyale. Dzuwa litapendeka anatulutsa ndodo yamkuwa yomangirirapo wayawo, yoti akhome m'nthaka kuseri kwa nyumba. Nthaka ya Okutobala inali gwa ngati mwala. Hamala inkangodumpha.

"Pakufunika madzi," anatero.

Vainess anabwera ndi ndowa. Anathira pang'ono, naimirira.

"Kwa a namwino kuja, anakuthirirani madzi ndani?"

Aaron anamuyang'ana, napukuta nkhope ndi malaya.

"Kuja ndodo inalipo kale. Sindinakhome."

"Nanga masiku atatu?"

"Denga lodzaza mileme, mawaya odyedwa ndi makoswe. Ukafuna, mawa tipite ukakwere wekha."

Vainess sanaseke, ndipo sanakhulupirire zonse. Zikhadabo zofiira zija zinali zisanachoke m'maso mwake. Komabe anapendeketsa ndowa, madzi nayamba kulowa m'ming'alu ya dothi. Aaron anakweza hamala. Ulendo uno ndodoyo inamira pang'ono, kenako pang'ono penanso, mpaka panja panatsala mutu wokha.