Mmene Shedi Yakale ya Basi Inadzukira

Mayi wosoka zovala anali atangoyamba kuponda makina pamene mwinigolosale analowa osaodira, atagwira mwana wawo pakolala.

"Mayi, mwana wanuyu wanditopetsa! Tiyeni mukaone zimene wachita pakhoma langa."

Mnyamatayo anzake ankamutcha Kachoko, chifukwa m'thumba mwake simunkasowa choko kapena khala. Sukulu anasiya bambo ake atamwalira. Tsiku lonse ankakhala pashedi yakale yodikirira basi, pamodzi ndi anzake osuta chamba. Shediyo inali itasanduka dzala. Malata ena anauluka ndi mphepo, udzu unafika m'chiuno, ndipo atsikana ankazungulira kutali poopa kutukwanidwa.

Mayi anatsatira mtima uli m'mwamba. Pakhoma la golosale anapeza chithunzi cha mwinigolosale, mimba ngati mgolo, ali mtulo pakauntala, makoswe akudya shuga. Anthu anali ataunjikana, akufa ndi phwete.

"Akadzabwerezanso ndikamusiya kupolisi," anatero mwinigolosale. "Akapezane ndi mnzake uja anamangidwa mwezi watha."

Atabwerera kunyumba, mayi anakhala pakhonde n'kuyamba kulira. Kumenya anamenya, kukalipa anakalipa, koma mwana sankasintha. Mnansi wawo, yemwe ankagwira ntchito ya ulangizi wa achinyamata, anawamva ndipo anabwera kudzakhala nawo pamkeka.

"Amake Kachoko, chithunzi chija ndachiona," anatero mlangiziyo. "Kulemba pakhoma la munthu n'kulakwa, akapepese ndi kufufuta. Koma tinene chilungamo, kodi sichikufanana ndi mwini wake?"

Mayi anaseka misozi ili m'masaya. "Aneba inunso! Mpaka ndi mano omwe."

"Ndiye mwanayu ali ndi dzanja, akungosowa khoma loyenera. Kuofesi kwathu tili ndi chilolezo chokonza shedi ija. Penti ndi zipangizo zilipo. Koma sitikufuna kuitana amisiri akutali. Tikufuna anyamata omwe amakhala pomwepo aganize okha mmene malowo aonekere, ajambule, amange."

"Omwe aja? Sangogulitsa pentiyo?"

"Mwana akamangouzidwa kuti ndi wakuba, amatopa n'kuvomera. Tiyeni timuuze zina, tione."

Kachoko atamva nkhaniyo anangoti, "Atipusitsa amenewo." Komabe m'mawa mwake anapita kukakumana ndi mlangizi pashedi paja, atafufuta kaye khoma la golosale. Mlangizi sanawalalikire anyamatawo. Anawapatsa mapepala aakulu ndi tepi yoyezera, n'kuwatuma kuti akafunse anthu zimene akufuna pamalopo. Okalamba anapempha benchi yokhala ndi potsamira. Amayi ogulitsa masamba anapempha mthunzi. Ana anati akufuna katungwe. Kachoko anajambula zonsezo patebulo la amayi ake lodulira nsalu, ndipo kwa nthawi yoyamba mayi anachita kumukumbutsa kuti adye.

Vuto linabuka pamsonkhano wa anthu a m'deralo. Pepala la Kachoko litapachikidwa, bambo wina anaimirira.

"Tipereke sowo ndi hamala kwa ana achamba? Mawa tipeza zitseko zathu zili pansi!"

Ambiri anawomba m'manja. Anyamata anayamba kusuntha kulowera kukhomo. Mayi wosoka, amene sanayankhulepo pagulu chibadwire, anangozindikira ataimirira.

"Abale anga, mmodzi mwa anawa ndi wanga. Zimene wakulakwirani ndikuzidziwa, sindikubisa. Koma taonani pepalalo. Benchi iyo ndi imene agogo aja anapempha. Mthunzi uwo ndi wanu, amayi a masamba. Anawa akumverani. Nanga ife tiwamvera liti?"

Kenako kalipentala wa pakona anakweza dzanja. "Sowo ndibwereketsa ine, ndipo ndidzaima nawo pomwepo." Wowotcherera zitsulo anati naye athandiza denga.

Ntchito sinali yophweka. Kuchotsa zinyalala kokha kunawatupitsa matuza m'manja, ndipo anyamata awiri anathawa. Benchi yoyamba inapendekeka, moti kalipentala atakhalapo anagwa chagada, miyendo m'mwamba. Onse anaseka, kenako anaiphwasula n'kuyambiranso. Matayala akutha anasanduka mipando ndi miphika ya maluwa. Mayi anasoka maepuloni kuchokera ku zidutswa za nsalu, ndipo anyamata awiri othawa aja ataona anzawo atavala ngati amisiri enieni, anabwerera okha.

Khoma lakumbuyo kwa shedi anamusiyira Kachoko. Anajambulapo msewu wonse: amayi a masamba, ana opita kusukulu, dalaivala wa basi akuyasamula. Aliyense wodutsa ankaima n'kumadzifufuza.

Tsiku lotsegulira, anthu anadzaza mpaka mumsewu. Ana ankalimbirana katungwe. Basi inaima pashedipo patatha zaka zambiri ikungodutsa, ndipo okwera anasuzumira m'mawindo. Mayi wina woyembekezera anakhala pabenchi yatsopano, n'kupuma mpweya wautali.

Mlangizi analengeza kuti sukulu yophunzitsa ntchito zamanja yavomera kulandira anyamata onse amene anagwira ntchitoyo, Kachoko kuti akaphunzire zojambula ndi kulemba zikwangwani. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Amake Kachoko anavina atavula nsapato.

Chisangalalo chili mkati, bambo wina anataya botolo pansi. Kachoko anamufikira mwaulemu.

"Pepani achimwene, bini ili apo. Malo ano tinawakhetsera thukuta."

Bamboyo anatola botolo lija. Mayi anakodola mlangizi n'kunong'ona, "Aneba, ameneyu ndi mwana wanga yemwe uja?"

"Yemweyo," anayankha mlangizi. "Tangomupatsa pogwira."

Wachinyamata amene wasochera si wotayika. Tisathamangire kumupirikitsa kapena kumutchula maina oipa. Tifufuze luso limene ali nalo, tifunse alangizi a achinyamata m'dera lathu, ndipo timupatse ntchito yeniyeni yokonza malo amene tonse timakhala. Mwana akamanga chinthu ndi manja ake amachisamala, ndipo pochikonza amakonzanso moyo wake.