Zimene Dzanja Lake Linkabisa

Ndiye kuti nayenso wamwalira, katswiri wa jekete loyera uja, amene ankadumpha m'sitima ikuthamanga chipewa osagwa, amene ankagwetsa adani pa masitepe kenako n'kukonza tayi ngati palibe chachitika — atero pa TV, ndipo pomukumbukira akuonetsa mafilimu ake akale a ukazitape masana onse, ina ikatha ina n'kuyamba. Mayiyu anangoyatsa TV kuti m'nyumba mumveke mawu a munthu pamene akusita malaya a malemu mwamuna wake oti akagawire abale, koma anapezeka ataima chilili, simbi ili m'manja, mphuno zake zikumva fungo la holo ya kanema ija ankapitako ali pa chibwenzi, mipando yong'ambika, utsi wa fodya ukuyandama m'kuwala.

Mwamuna wake ankamukonda katswiriyu mpaka kutengera kayendedwe kake, dzanja limodzi m'thumba, kolala ataiimika, moti anzake a ku ntchito yokonza mafiriji anangomutcha Kazitape, ndipo mayiyu ankaseka nawo, ankamuitana choncho ngakhale pamaso pa ana — ha, kupusa kwake! — osadziwa kuti dzinalo linali loona kuposa lenileni.

Pa maliro m'pamene anadziwa. Kunafika mayi wina wamtali ndi mwana wake, bambo wandevu zake kale, wa chipumi cha malemu, wa mpata wa m'mano wa malemu, ndipo alamu ake sanafunse kuti ndinu ndani, anangowalozera mipando ya kutsogolo, kusonyeza kuti onse ankadziwa, onse amene anawaphikira zaka zonsezi, kupatula iye. Kapena nayenso ankadziwa? Ayi, akanadziwa bwanji, munthu wanena kuti akupita kukakonza mafiriji ku mahotela akutali, masiku angapo, n'kubwera atatopadi — komano malaya aja, malaya ankabwera ochapa, osita bwino, mzere wa pa mkono wopindidwa mosiyana ndi mmene iye amapindira, ndipo iye, ndi pakamwa pake pomwepa, ankayamikira kuti a ku hotela amadziwa kusita.

“Amayi, malaya akupsa.”

Anali mwana wake wamkazi, ali pa khomo la kukhitchini. Mayiyu anadzutsa simbi. Pa thumba la malaya panali patatsala chipsera chofiirira.

“Ndizimitse TV?”

“Isiye.”

Mwanayo anabwerera, ndipo iye anakhala m'mphepete mwa mpando, chifukwa filimu imene inali itayamba ankaidziwa, anaionera kambirimbiri ndi malemu: kazitape akwatira mkazi wa m'dziko la adani kuti apeze pobisala, amugulira maluwa, avina naye pabalaza, nkhope ili phee ngati madzi a m'chitsime. Kale ankaona mwamuna wolimba mtima. Lero ankaona milomo yokha, mmene inkanamira mosavutikira, ndipo ankadzifunsa ngati malemu ankapita ku kanema kuja kukasangalala kapena kukaphunzira.

Nyimbo itayamba kukwera, chakumapeto, khosi lake linapendekera lokha kumanzere, kumene malemu ankakhala, pakuti apa m'pamene nthawi zonse ankamutseka m'maso ndi chikhatho chake chonunkha girizi ndi sopo, n'kunong'ona kuti, “Usaone, apa pali magazi.” Iye ankanyadira kwa anzake kuti mwamuna wanga amamva zoopsa zisanafike. Koma tsiku loyamba lija, filimu itangobwera kumene, onse awiri akuti sanaionerepo, anadziwa bwanji poika dzanja? Ndiye kuti anali ataionera kale, dzulo lake mwina, pa mipando yomweyo, ndi wamtali uja — ndipo kodi nayenso anamutseka m'maso, kapena uja anasiyidwa kuti aone zonse, ndipo iye yekha ndiye anali woti atetezedwe, kapena woti apusitsidwe, kusiyana kwake n'kotani, ndipo n'chifukwa chiyani mtima wake, wopanda manyaziwu, unkalakalakabe chikhatho chomwecho?

Mfuti inalira, patali. Dzanja silinabwere, ndipo maso ake anakhala chitsegukire.

Panalibe magazi. Panali mkazi wa kazitape yekha, ataima pa windo, akuyang'ana mwamuna wake akukwera galimoto imene munali mkazi wina akumudikira. Sanalire, sanadzidzimuke n'komwe. Anangoyang'ana mpaka galimoto itakhota, n'kutseka katani mwakachetechete, n'kuyamba kuyala mbale ziwiri pa tebulo — ndipo mayiyu, malaya opserera ali pa miyendo, anazindikira kuti nkhope imeneyo, yodziwa zonse koma yosankha kusafunsa, anali ataionapo kwina, pafupi kwambiri, m'mawa wina akupesa tsitsi pa galasi la kuchipinda.