Tinyumba ta Thokozile

Silvester anali asanabwezebe munda. Lufina ankanena zimenezi m'mawa uliwonse, kaya pali womumva kaya palibe. Ankauza nkhuku, ankauza khasu limene linangoyedzamira khoma pakhonde. "Anati mvula isanagwe. Anati ndi manja ake. Nanga ili kuti mizereyo?"

Silvester anali mkamwini wake, mwamuna wa mwana wake Thokozile, bambo wa mdzukulu wake Mtendere. Ngongole yake sinali ya ndalama. Atangomaliza kukolola chaka chimenecho, iye ndi Thokozile anabwera kudzapempha munda wakumtunda, uja woyang'ana msewu waukulu pa Biriwiri. Ankati amangemo tinyumba ta alendo. Anthu a m'tauni akabwera ku ngoma ya Angoni ija ya chaka ndi chaka amasowa pogona, ena amagona m'magalimoto. Enanso, ati, amangofuna kudzamva kuzizira kwa kuphiri n'kujambula zithunzi. Lufina anaseka tsiku limenelo. Munthu n'kulipira kuti azizidwe? Koma Thokozile anali wamakani ngati mayi ake. Anakokana mpaka dzuwa kupendeka, ngati akugulitsana kabichi pamsewu. Pamapeto pake Lufina anavomera, koma anaika malamulo ake. Chilimwe chokha. Mitengo ndi udzu, simenti ayi. Mitambo ikangoyamba kusonkhana cha ku Mozambique, tinyumba tigwe, munda ubwerere uli ndi mizere yake. Silvester anakhala chapatali monga amachitira mkamwini, nkhope atalozetsa kumbali, ndipo anati, "Ndidzagalauza ndekha, amayi. Munda wonse."

Tinyumba tinamangidwa, tinayi, tozungulira. Thokozile anatizira yekha, n'kukongoletsa makoma ndi dothi lofiira ndi loyera limene ankakakumba kudambo. Chikwangwani chitangoimikidwa m'mbali mwa msewu, kunabwera munthu wa ku boma panjinga yamoto. Anati munda ndi munda. Wofuna kugonekamo alendo olipira ayambe wapempha chilolezo, ndipo a ofesi ya mapulani adzaone kaye malowo. Thokozile anapita ku boma kukalembetsa. Kunali kozizira kwambiri masiku amenewo, ndipo anabwerako akutsokomola. Ogasiti asanathe anamuika m'manda.

Ngoma ya Angoni inabwera n'kupita. Magalimoto anadutsa pamsewu atadzaza anthu a nthenga kumutu, osaima ndi imodzi yomwe. Anthu okhawo amene anagonapo m'tinyumba tija anali a pamaliro, ochokera ku Kasinje kwawo kwa Silvester.

Lufina sanalire kwambiri pamaliropo, ndipo azimayi anzake ankamuyang'ana cham'mbali. Iye sanawasamale. Chimene ankadziwa n'choti kuyambira tsiku limenelo chakudya chilichonse chinkakoma chimodzimodzi, chothira mchere ndi chosathira. Akapsa ndi moto ankazindikira ataona chithuza. Chinthu chimodzi chokha chinatsala chomveka m'mutu mwake: munda uja ndi umene umadyetsa pakhomopo, ndipo Novembala anali atalowa.

M'mawa wina anakwera kumundako. Anapeza Silvester akusesa pabwalo la tinyumbato, monga ankachitira tsiku lililonse. Dothi linali litapondedwa mpaka kuuma gwa. Lufina anaima m'malire mwa munda n'kuyang'ana kumsewu.

"Bambo a Mtendere."

"Wawa, amayi." Silvester anasiya tsache n'kunjuta pomwepo.

"Mitambo iyo mwaiona?"

"Ndaiona."

"Ndiye mukusesa chiyani? Mukuti ndidzale chimanga pabwalo losesa?"

"A mapulani anati tisakhudze kanthu mpaka abwere, amayi. Akapeza tagwetsa adzaona chiyani?"

"Adzaona munda. Sanauonepo munda anthu amenewo?"

Silvester anali ataonda, malaya akungolendewera.

"Anzanga anamaliza kugalauza kalekale," anatero Lufina. "Ine ndekha ndiye ndalima nyumba. Chaka chamawa Mtendere adzadya denga?"

"Akubwera, amayi. Pepala lili komweko."

Lufina ankadziwa bwino lomwe chimene chinkamugwira mkamwiniyo, ndipo sichinali pepala lokha. Mchimwene wake wa Lufina, a Yoramu, amene ankayang'anira mbumbayo, anali atanena pakumeta kuti Silvester adzamusudzula akamaliza za kumunda. Akasudzulidwa ndiye kuti ukamwini watha, abwerere kwawo ku Kasinje. Mtendere, kamwana koyamba kumene kuyenda, katsale kuchikazi, m'manja mwa Esnath mng'ono wake wa malemu. Tinyumba tikaima, Silvester ali pamudzi. Tikagwa, azipita. Aliyense ankadziwa, koma palibe ankatchula.

Mawa lake Lufina anamanga chitenje chake cha kutchalitchi n'kukwera minibasi ya ku boma. Anakangana ndi kondakitala za mtengo mwachizolowezi chabe, pakamwa pakungoyenda pokha. Atafika anafunsa alonda, anafunsa mayi wogulitsa nthochi, mpaka anapeza chitseko cha a mapulani. M'katimo munali mayi wachitsikana wamagalasi, amene anati dzina lake ndi Cathy.

"Khalani pampando, amayi."

"Sindinadzere kukhala. Ndadzera za tinyumba ta pa Biriwiri. Mubwere mudzatione, kapena mukane lero lomwe. Chimodzi."

Cathy anamwetulira pang'ono. "Pempholo lili m'dzina la ndani?"

"Thokozile."

Mtsikanayo anafufuza m'kabati n'kutulutsa mapepala omanga ndi kachingwe. "Lilipo. Pempho loti munda uzikhala malo ogona alendo nyengo ya chilimwe yokha, mvula ikayandikira n'kuchotsa. Silovuta kwenikweni. Komiti ikhala mwezi wamawa, ikatero tidzabwera kudzaona chimbudzi, madzi ndi polowera magalimoto."

"Mwezi wamawa chimanga cha anzanga chidzakhala m'mawondo."

"Ndi mmene ndondomeko ilili, amayi."

"Bwerani mawa. Ndikupatsani thumba la mbatatesi, zosankha, osati zing'onozing'ono zija."

"Ayi, amayi, zimenezo sitichita."

"Matumba awiri."

"Ngakhale khumi." Cathy anaseka, kenaka anaona kuti mayiyo sakuseka. "Koma mwiniwake bwanji sanabwere yekha? A Thokozile ndi ndani wanu?"

"Mwana wanga. Anamwalira."

Anazinena ngati akutchula mtengo wa tomato. Cathy anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Pepani kwambiri. Sitinamve."

"Mukanamvera kuti? Anagonamo anthu a pamaliro ake m'tinyumbamo. Kapena amenewonso ankafunika chilolezo?"

"Ayi, amayi."

Panja wina ankaliza njinga yamoto yokana kunyamuka. Kenaka Cathy analankhula pang'onopang'ono, akusankha mawu. Anati popeza wopempha kulibe, pempholo silingayende lokha. Njira zinali ziwiri. Ngati mwini munda avomera, likhoza kusamukira m'dzina la mwamuna wa malemu, n'kudikira komiti, tinyumba tili chiimire. Ngati savomera, akhoza kulibweza lero, nkhani n'kuthera pomwepo, munda n'kukhala munda.

"Mwini munda ndi ndani?" anafunsa Cathy.

"Ndine."

"Ndiye zili kwa inu."

Lufina anayang'ana mapepalawo. Zilembo sankazidziwa bwino, koma dzina la mwana wake ankalizindikira, chifukwa Thokozile ankalemba chilembo choyamba chachikulu ngati mtanda wa tchalitchi. Anadikira kuti amve kanthu pamtima. Sanamve. Anangoganiza za nkhokwe, kuti inali itatsika kale kufika m'chiuno, ndi za feteleza amene anali m'nyumba akuyamba kuuma m'thumba.

"Palibe yapakati? Theka munda, theka nyumba?"

"Zingatheke, koma n'kulembanso pempho lina, n'kudikiranso komiti yomweyo."

"Bwezani."

"Simukufuna mukayambe mwakambirana ndi bambowo?"

"Tinakambirana kale chisanayambe chilimwe. Ndidinde pati?"

Anadinda chala. Inki inali yozizira. Anapukutira pachitenje koma sinachoke.

Anafika kumudzi dzuwa likadali pamutu, n'kupitirira mpaka kumunda osalowa m'nyumba. Silvester anali pamwamba pa kanyumba kena akukonza udzu umene mphepo inasasula. Atawaona apongozi ake anatsika msanga.

"Ndachokera ku boma," anatero Lufina, maso ali kumsewu. "A mapulani sabwera. Pempho ndabweza." Anatukula chala chakuda chija kuti aone.

Silvester anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Anati likanatha kulowa m'dzina lanu," anapitiriza Lufina. "Ndakana ndine. Musamve kwa wina."

"Ndamva, amayi."

"Ndiye munda wanga."

"Wawa."

Silvester anayamba tsiku lomwelo. Anasasula udzu n'kuumanga m'mitolo, nazula mitengo n'kuiunjika m'malire. Makoma ankawagwetsa ndi mpini wa nkhwangwa, n'kuphwanya zibuma kuti zisakanikirane ndi dothi. Esnath anafuna kukathandiza koma Silvester anamubweza. Anyamata a m'mudzimo anabwera ndi makasu awo, nawonso anawabweza. Ankayamba kusanatenthe, n'kuweruka dzuwa litafiira. Dothi lopondedwa lija linkakana khasu, ndipo m'manja mwake munatuluka matuza, n'kuphulika, n'kutulukanso ena. Lufina ankamutumizira chakudya ndi Esnath. Mbale zinkabwerako zitangodyedwa pang'ono.

Lufina ankapita tsiku lililonse kukaima m'malire. Ankaloza pamene mzere wakhota, Silvester n'kuwongola. Ankaloza chitsa cha mtengo chotsalira, Silvester n'kuzula. Zina sankalankhulana.

Kanatsala kanyumba kamodzi, ka pangodya yakumtunda. Kameneka ndi kamene Thokozile anamalizira kukongoletsa. Mizere yofiira ndi yoyera inazungulira khoma lonse, koma cha kuchitseko inalekera panjira, ndipo pamenepo panali pamene anapukutira dzanja lake, zala zonse zikuoneka. Tsiku limenelo mitambo inali itatsika mpaka kuphimba mapiri, mphepo ikununkha mvula. Silvester anayedzeka makwerero pakhoma.

"Kameneko kasiyeni," anatero Lufina.

Silvester anaima, phazi limodzi lili pamakwerero.

"Pangodyapo ndi pamiyala. Sipabereka kanthu. Ndizisungiramo makasu."

"Tinapangana munda wonse, amayi."

"Wopangana nanu ndine. Ndikuti kasiyeni."

"Chilolezo chake palibe."

"Chilolezo cha makasu? Musandiseketse." Mawu ake anatuluka okwera monga amachitira pamsika. "Chabwino, chotsani denga, makoma atsale."

"Ayi, amayi."

"Khoma limodzi. Ilo la kuchitseko."

Apo Silvester anatembenuka n'kuwayang'ana apongozi ake m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo chilowereni m'banjamo. M'maso mwake munalibe mkwiyo. Munalibe chilichonse.

"Likatsala ndiye kuti sindinamalize," anatero. "A Yoramu adzati ndidikire. Ine kudikira ndatopa nako, amayi. Ndiloleni ndimalize."

Lufina moyo wake wonse sanasowepo mawu otsiriza pamalonda, koma apa analibe choonjezera kapena chochotsera. Mtengo anautchula yekha kalekale, ndipo munthuyu ankangolipira. Anakhala pansi pamtolo wa udzu, miyendo atatambasula, n'kumaonerera.

Denga linatsika. Mitengo inazulidwa. Khoma la kuchitseko linagwa chathunthu, chafufumimba, fumbi n'kukwera pang'ono. Silvester analiphwanya ndi khasu mpaka zibuma zinasanduka dothi, kenaka anayamba kuunga mizere kuchokera m'malire. Madontho oyamba anamupeza ali pamzere womaliza. Sanathamange. Anaumaliza, nausalaza ndi kumbuyo kwa khasu, n'kubwera kudzanjuta chapatali ndi pamene panakhala Lufina.

"Ndabweza, amayi."

Lufina anadzuka n'kuyenda m'mundamo, mvula ikumunyowetsa. Anayenda kuyambira kumunsi mpaka kumtunda, akuyang'ana mzere uliwonse ngati pali pokhota kapena posiyidwa. Panalibe. Pangodya paja dothi la m'mizere linali la mawangamawanga, pena pofiira pena poyera, ndipo mvula inali itayamba kale kulisungunula.

"Mwabweza," anatero. "Ndikauza a Yoramu."

Silvester anaika khasu paphewa n'kutsetsereka kumudzi, kumene Esnath anali atathawira pakhonde ndi Mtendere kumsana. Lufina anatsala. Anatola kachibuma koyera, nakafinya ndi chala cha inki chija mpaka kanasungunuka, n'kupukutira pachitenje. Kenaka anayang'ana kumwamba. Ikagwa chonchi mpaka mawa, anaganiza, mkuja adzadzala.