Chidebe cha a Telala

Kafukufuku wanga adaphedwa ndi chifundo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawa.

Funso lathu silinali lovuta: kodi madoda okalamba akamanyamula zitsulo n'kumamwa ufa wa puloteni, minofu yawo imakula kuposa ya amene akungonyamula zitsulo basi? Tidawagawa pawiri. Ena ankalandira ufa weniweni, ena ufa wongofanana nawo koma wopanda kanthu. Mapaketi onse anali oyera mofanana, moti ngakhale ineyo sindinkadziwa kuti weniweniwo akumwa ndani. Digiri yanga idatsamira pamenepo. Chipinda cha zitsulocho nachonso tidangobwerekedwa chifukwa cha kafukufukuyo.

Madodawo ndidawakonda, sindibisa. A Telala ankabwera ndi tepi yawo yosokera m'khosi, kumayeza ntchafu za anzawo n'kumawaseka kuti ali ndi miyendo ya udzudzu. Mnzawo wapamtima, a Ndevu, adayamba nafe akulephera kudzuka pampando osagwira tebulo.

Tsiku lina ndidalawirira kuti ndikakonze makina oyezera minofu. Ndidamva phwete kuseri, komwe timatsukira mabotolo. Kusuzumira, mayo ine! A Telala agwada pachidebe, akung'amba mapaketi a anthu onse, kukhuthulira pamodzi, kuvundula ndi supuni yaikulu, kenako kugawira aliyense m'botolo mwake. Madoda ali pamzere ngati ana a sukulu.

Nditafunsa kuti zimenezi zidayamba liti, adandiyankha kuti kuyambira pachiyambi pomwe, nditangowafotokozera kuti theka la iwo lizimwa ufa wopanda kanthu. Akuti adaona a Ndevu akunjenjemera ndi kachitsulo kopepuka, ndiye adapangana kuti mnzawo sangamusiye m'manja mwa mwayi.

"Mwana wanga," adatero a Telala opanda ndi manyazi omwe, "ungamwe wekha za mphamvu mnzako akumwa fumbi? Ife sitidaleredwe choncho."

Ndidakalipa ngati si makolo anga. Ndidawauza kuti miyezi yonse ija yalowa m'madzi, kuti tsopano palibe angadziwe ngati ufawo umathandiza, ndipo okalamba ena ambirimbiri amene akadapindula ndi yankholo atsala mumdima. A Telala adapukuta supuni ija ndi malaya awo n'kuiika patebulo mwaulemu.

Masana ndidakauza apulofesa amene ankayang'anira kafukufuku wanga. Adavula magalasi, adatikita maso, kenako adati kafukufuku waima, ndipo chipindacho ndichitseke lero lomwe, makiyi ndikabweze kwa eni ake.

Potuluka ndidapeza a Ndevu akundidikira pabenchi. Atandiona adapinda manja pachifuwa n'kudzuka okha, osagwira kanthu, nkhope ili mwee kuti ndione bwino.

"Mwaona, adokotala? Ndiye mawa tibwere nthawi yomwe ija?"

Makiyi anali m'dzanja langa.