Nyenyeswa za Kuseri kwa Chitsime

Eldho ananyema chidutswa cha apamu, chitumbuwa cha mpunga, n'kuchiponya pansi pa tebulo, maso ali pa mlongo wake.

"Tara, ayi!" anakuwa Susamma.

Kagalu koyerako kanaima malovu ali chuchuchu, kenaka kanabwerera pamphasa. Susamma anatola chidutswacho.

"Ukuchitira dala iwe. Ndakuuza kuti ameneyu sadya za patebulo."

"Si inu odziwa Baibulo, achemwali? Ngakhale mayi wa ku Kanani uja ankadziwa kuti nyenyeswa n'za tiagalu."

"Usaseweretse Mawu, bambo ako manda awo asanaume."

Pabalaza panali bedi la bambo awo, a Kuruvilla, loyalidwa nsalu yoyera, mtanda uli kumutu, kandulo ikuyaka. Mkuluyo anagwa panjira pochokera kutchalitchi, chingwe cha Tara chili m'manja. Tara sanali wawo. Anali wa bungwe lina la mumzinda lophunzitsa agalu otsogolera anthu osaona, ndipo a Kuruvilla anadzipereka kumulera mpaka akule. Lamulo lalikulu linali la chakudya, pakuti galu wozolowera kutola zakugwa akhoza kukokera munthu wosaona pakati pa msewu chifukwa cha fupa.

"Ndawaimbira kale a bungwe aja," anatero Eldho. "Akubwera masana ano kudzamutenga."

"Wafunsa ndani?"

"Ndifunse ndani m'nyumba ya bambo anga?"

"Ee, nyumba ya bambo ako! Ukuidziwa lero? Muja umatuwa ndi mchenga ku Muscat, amene ankawaphikira phala la mpunga ndi ine. Banja lina lomulera Tara palibe. Akapita lero amuchotsa pamaphunziro, ndipo wina amene akudikira maso apitiriza kupapasa makoma."

"Apapase. Galu ameneyu ndiye wawapha."

"Unali mtima, chitsiru iwe."

"Mtima umene ankaupereka kwa aliyense kupatula a m'nyumba muno!" Eldho anamenya tebulo, makapu a tiyi n'kulira. "Ana a eni, akhungu a eni, tsopano agalu a eni. Nanga galu wathu Karumban ali kuti? Wakhala pakhomo pano kuyambira amayi ali moyo, ankadyera m'dzanja la bambo patebulo pompano. Kangobwera kamfumukazi aka, basi bambo n'kumuthamangitsa. Nthiti zikuchita kuwerengeka."

"Chichitikireni maliro sakudya. Ndikam'patsa mbale amangoiyang'ana."

"Wakhumudwa. Ine ndikumumvetsa."

Susamma anam'yang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiye malaya a bambowo wavaliranji, ngati anali oipa chotero?"

"Anga onse ndi akuda. Kapena nawonso ndi a bungwe?"

Eldho anatenga mbale ya mpunga n'kutuluka, chitseko n'kuchimenyetsa.

Anakam'peza Karumban kuseri kwa chitsime, pamalo posaonekera kuchokera kunyumba. Galu wakudayo anali atagona pafupi ndi mwala wophwatalala, mutu uli pamiyendo. Eldho anakhala pamwalapo n'kumukankhira mbale.

"Idya, mdala. Ine ndi iwe ndife amodzi, ana otayidwa."

Karumban sanayang'ane n'komwe mbaleyo. Anadzutsa mutu, n'kununkhiza mpweya. Kenaka anaimirira movutikira, miyendo yakumbuyo ikunjenjemera, n'kuika mphuno pachifuwa cha Eldho, pathumba la malaya a bambo ake aja. Anakankha, n'kukankhanso, mchira ukugwedezeka pang'onopang'ono.

Eldho anapisa dzanja. Munali kampango kopindidwa bwino, ndipo m'kati mwake munali zidutswa za apamu zouma gwa. Thumbalo linali ndi banga la mafuta, lakale, losachoka ndi sopo. Anayang'ana pansi. Udzu wa patsogolo pa mwalawo unali utaperepeseka, malo a mapazi awiri a munthu ndi malo a galu wokhala tsonga.

Zinam'bwerera za Sande sukulu. Bambo ake ndiwo ankaphunzitsa, ndipo iye akaloweza vesi lonse osaphonya, ankangoti, "Khala pansi," n'kuyamikira mwana wa eni amene wachita chibwibwi. Koma anthu akabalalika ankamuitanira kuseri kwa tchalitchi, pafupi ndi manda, n'kutulutsa siwiti m'thumba la malaya. "Idyera konkuno, anzako asaone. Ena alibe wowapatsa." Iye anasunga "khala pansi" uja zaka zonsezi, siwiti n'kuiwala.

Anatambasula dzanja. Karumban anatenga chidutswa mosamala, ngati wolandira mgonero.

Kumsewu kunalira hutala ya galimoto. Posakhalitsa Susamma anatulukira pakona ya nyumba, Tara ali pachingwe kumanzere kwake.

"Abwera anthu ako," anatero mouma. "Bwera um'pereke wekha. Ine manja anga asakhudzeko."

Tara anaimika makutu, mphuno ikusakasaka fungo la apamu. Eldho anatembenuka msanga, n'kuika msana wake pakati pa agalu awiriwo, kampango atakabisa pachifuwa.

"M'chotseni apo, achemwali, angaone."

"Wati chiyani?"

"Ndati angaone! Mukufuna akalephere sukulu? Alendowo apatseni tiyi, muwauze kuti ayenda ulendo wachabe. Ndibwera ndidzawapepese."

Susamma anayang'ana malaya aja, n'kuyang'ana mwala. Anakoka chingwe pang'ono, Tara n'kumutsatira.

Eldho anadikira mpaka mapazi awo atazilala. Kenaka ananyema chidutswa china, n'kuweramira kukhutu kwa galu wokalambayo.

"Idyera konkuno," ananong'ona.