Mdzukulu pansi pa babu la anapiye

Mumsewu monsemo ankangowatchula kuti a Wanapiye, poti zaka makumi awiri akhala akulera anapiye kuseri kwa nyumba. Mwana wawo wamkazi atafika ndi khanda la miyezi iwiri likutsokomola, chifukwa nyumba ya kwa mwamuna wake inali yachinyezi ndi yozizira ngati firiji, bambowo anangoti, "Za kuzizira mundisiyire ine."

Mazenera a kuchipinda anawakhoma ndi masaka. Pansi pa chitseko anatsekapo ndi sanza. Kenako anakachotsa babu lofiira m'khola n'kulipachika pamwamba pa bedi.

Chifuwa chinachepadi. Koma tsiku lachitatu khanda linatuluka totupa m'khosi, thukuta lili kamukamu, bere likukana.

"Ababa, muno simopumika," anatero mwana wawo uku akulongedza matewera. "Ine mutu ukundiwawa kuyambira dzana. Mawa ndikubwerera. Bola kozizira komweko."

A Wanapiye anadzambatuka. Mdzukulu woyamba, womudikira zaka zonsezi, abwerere kuchinyezi kuja? Anathamangira kwa namwino wa nyumba yoyandikana nayo.

Namwino anangoima pakhomo la chipinda n'kuyamba kudzikupiza ndi dzanja.

"Bambo, mukuwotcha chiyani muno?"

"Tikulera, mayi."

"Anapiye anu akatenthedwa amatani?"

Apa ndiye anawafika pamtima. "Amathawa babu. Mapiko tambalale, kukamwa yasa. Mlimi wanzeru amaona msanga."

Namwino analoza pabedi. Khanda linali chagada, timanja tambalale, kukamwa yasa.

"Uyu kuthawa sanayambe," anatero. "Kuzizira kumalowa m'chifuwa, inde, koma kutentha kumamaliza madzi m'thupi. Muzimugwira pamsana: pakhale pofunda, osati ponyowa. Akapitiriza kukana bere, mubwere naye kuchipatala lero lomwe."

Mlimi wanzeru uja anazimitsa babu, n'kuyamba kuzula misomali ya masaka umodziumodzi, akung'ung'udza kuti mababu a masiku ano ndi aukali.

Kamphepo kanalowa. Pofika masana khanda linali litagwira bere, likumeza momveka.

Mwana wawo anamasula chikwama. "Ndikhala mpaka chifuwa chitheretu. Koma ababa, ndikangoona chomwera cha nkhuku muno, ndanyamuka."

"Iwe, ungandiyese wamisala?" anatero a Wanapiye, uku phazi likukankhira kanthu kapulasitiki kunsi kwa mpando.